Khonsolo ya Dedza ndi kafukufuku wa ma stem cell: ndalama yathu ipite pati kuti mwana wa sikoselo apulumuke?

Nkhaniyi idabuka pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kwathu kuno, tsiku lomwe tinkasanja zofuna za dera lathu zoti zipite ku khonsolo. Milatho idatchulidwa, mijigo idatchulidwa, nyumba za aphunzitsi nazo zidalowa m'kope. Titatsala pang'ono kutseka ndi pemphero, mnyamata woimira achinyamata adakweza dzanja, foni ili kudzanja linalo. "Pepani a tcheya ndi makolo nonse," adatero, "ndawerenga kuti kumayiko a anzathu maboma aang'ono amaika ndalama pa kafukufuku wa ma stem cell ndi cloning, ndipo matenda omwe kuno timati ngofa nawo akuchizika. Nanga khonsolo yathu singaikeko kangachepe?"

Ena adaseka. Ine sindidaseke. Ndidaphunzitsa Biology kusekondale mpaka kupuma, koma chachikulu n'chakuti ndine mwinimbumba wa mtsikana wa zaka 7 amene ali ndi sikoselo, mdzukulu wa mlongo wanga. June akafika, mphepo ikamatsika m'phiri la Dedza, banja lonse limagona khutu lili tcheru, chifukwa kuzizira n'kumene kumadzutsa ululu wa m'mafupa mwake. Choncho funso la mnyamatayo ndidapita nalo kunyumba. Zomwe ndalemba pano ndi njira zomwe khonsolo ngati yathu ingatsate, ndipo zonse ndaziyesa ndi muyeso umodzi: ndi iti imene ingafike pa mphasa pomwe pagona mwanayo?

Timvane kaye mawu

Thupi lathu lidamangidwa ndi maselo, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi ntchito imodzi yomwe sangaisinthe. Selo la khungu ndi la khungu basi. Koma alipo ena omwe ali ngati mbewu yosunga m'nkhokwe: amadzichulukitsa okha, komanso amasanduka maselo a mitundu ina. Amenewa ndiwo ma stem cell. M'mafuta a m'mafupa mwathu muli mtundu umodzi wa maselowa, womwe umapanga magazi atsopano tsiku ndi tsiku mpaka munthu kumwalira. Mtundu wina umapezeka mu mluza wa masiku 5 kapena 6, usadakhazikike m'chiberekero. Amenewo amatha kusanduka maselo a chiwalo china chilichonse, ndipo woyamba kuwalera mu labotale kuchokera ku mluza wa munthu adali James Thomson wa ku Wisconsin, mu 1998. Kuti uwatenge, mluzawo umawonongeka, ndipo mkangano wonse wagona pamenepo.

Cloning si yachilendo monga dzina lake limvekera. Aliyense amene adabzalapo phesi la chinangwa kapena kholowa wa mbatata adameretsa chomera chofanana ndendende ndi make, popanda njere. Pa nyama ndiye n'zovuta zedi. Amatenga dzira, n'kuchotsa phata lake momwe mumakhala DNA, n'kuikamo phata la selo la nyama yomwe akufuna kuibwereza. Umu ndi momwe idabadwira nkhosa ija Dolly ku Roslin Institute, ku Scotland, mu 1996, atayesa mazira 277 n'kupezapo kamwana kamodzi. Cloning yochizira matenda imayamba chimodzimodzi koma imalekezera panjira. Mluzawo sauika m'mimba mwa mayi, amangotengamo ma stem cell omwe chibadwa chake n'cha wodwalayo, kuti thupi lake lisadzawakane.

Tsono sikoselo ikulowa pati? Mwana amaitengera kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akakhala kuti aliyense adanyamula theka la chibadwa cha nthendayi, eniakewo ali bwinobwino, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nayo. Maselo ofiira a magazi a munthu wabwinobwino ndi ozungulira, ofewa, ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. A mwana wa sikoselo amapindika ngati chisikilo chomwetera udzu, amauma, amatsekereza timitsempha, ndipo amafa pakangotha masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake magazi amamuthera pafupipafupi, maso amachita chikasu, manja ndi mapazi zimatupa akali khanda, kapamba amakula, ndipo ena amafa ziwalo asadayambe n'komwe sukulu. Mu 2021 padziko lonse padabadwa ana opitirira 500,000 a nthendayi, ndipo ochuluka kwambiri adabadwira mu Africa muno, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Poti vuto lili mu mbewu ya magazi ya m'mafupa, ukasintha mbewuyo wachiza nthendayo. Apa mnyamata uja sadanene bodza.

Njira yoyamba: khonsolo ilipire kafukufuku wakewake

Chitsanzo chomwe aliyense amaloza ndi California. Mu 2001 Pulezidenti George W. Bush adaika malire pa ndalama za boma lalikulu la America zopita ku kafukufuku wa maselo a mluza. Anthu a ku California adaona kuti sangadikire, ndipo mu November 2004 adavotera lamulo lotchedwa Proposition 71, lolola boma lawo kubwereka madola 3 biliyoni oti agwire ntchitoyi kudzera ku bungwe la CIRM. Lamulolo lidalola cloning yochizira matenda koma lidakaniza ndalama zake pa cloning yoberekera munthu. Mu 2020 adavotanso n'kuwonjezera madola 5.5 biliyoni.

Koma tiyeni tiwaone bwino mawu oti "boma laling'ono". California ili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, kuposa Malawi yense, ndipo chuma chake chimaposa cha mayiko ambiri a ku Ulaya. Dedza, pa kalembera wa 2018, idali ndi anthu opitirira pang'ono 830,000. Ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha zimachokera m'ziphaso za m'misika ngati wa Chimbiya ndi Bembeke, m'malayisensi a mabizinesi ndi zina zing'onozing'ono. Zochuluka zimachokera ku boma lalikulu, zitalembedwa kale ntchito yake. Labotale yolera maselo imafuna magetsi osathima ngakhale ola limodzi, zipinda zosalowa fumbi, zosungira zozizira mpaka madigiri 196 pansi pa ziro, ndi akatswiri omwe adaphunzira zaka zambirimbiri. Ngakhale titagulitsa kachewere yense wa chaka chimodzi, tingamange makoma okha.

Tsono tiyerekeze kuti ndalamazo zagwa kuchokera kumwamba. Kodi cloning ndiyo tikadasankha? Ine ayi, ndipo zifukwa zanga si za ndalama zokha.

Mbiri yake ndi yoyenda motsimphina. Mu 2004 ndi 2005 Hwang Woo-suk wa ku South Korea adalengeza kuti wapambana popanga maselo a munthu kudzera mu cloning, dziko lake lidamunyamula m'mwamba, koma pofika 2006 zidadziwika kuti zotsatira zake zidali zopeka. Adagwiritsa ntchito mazira opitirira 2,000 a amayi, ena ochokera kwa atsikana omwe ankagwira ntchito pansi pake. Amene adakwanitsa zenizeni ndi gulu la Shoukhrat Mitalipov ku Oregon, mu 2013. Pofika nthawi imeneyo njira ina idali itatulukira kale. Shinya Yamanaka wa ku Japan adaonetsa mu 2006 pa mbewa, ndipo mu 2007 pa munthu, kuti selo wamba la khungu lingabwezedwe kuubwana n'kukhala stem cell popanda dzira, popanda mluza. Adalandira nazo mphoto ya Nobel mu 2012 limodzi ndi John Gurdon, ndipo ofufuza ambiri adakhotera kumeneko. Cloning yochizira idatsalira ngati chida cha mu labotale, osati chithandizo chomwe dokotala angakulembere.

Palinso mfundo yomwe ana anga a Folomu 4 akadaigwira msanga. Ukabzala phesi la chinangwa chodwala khate, chomera chake chidwalanso khate. Maselo opangidwa mwa cloning kuchokera kwa mwana wa sikoselo ali ndi sikoselo yomweyo. Pafunikabe kukonza kaye chibadwacho, ndipo ngati ungathe kuchikonza, ungachikonzere mu mbewu ya magazi yomwe mwanayo ali nayo kale m'mafupa.

Nkhani ya mazira imandidetsa nkhawa koposa. Kuti mayi apereke mazira ambiri nthawi imodzi amabayidwa mankhwala kwa masiku angapo, kenaka mazirawo amakokedwa ndi singano, ndipo ena amadwala nazo. Kuno komwe mayi amatha kuchita ganyu tsiku lathunthu kuti apeze chigoba cha ufa, mukuganiza kuti oyamba kuima pamzere angakhale ndani? Onjezani chikhulupiriro. Mpingo wa Katolika, womwe uli ndi mizu yakuya ku Mua ndi ku Bembeke, umakana kuwononga mluza ndi cloning ya mtundu uliwonse, koma umavomereza kugwiritsa ntchito maselo a m'mafupa ndi a mu mchombo wa khanda. Akhristu ambiri a mipingo ina nawo amaona mluza ngati moyo woyamba kale. Mayiko nawo sadamvanepo: chikalata cha United Nations cha 2005 chodzudzula cloning ya munthu chidavomerezedwa ndi mayiko 84, 34 adakana, 37 adangokhala chete. South Africa idaika nkhaniyi m'lamulo lake la zaumoyo la 2003, loletsa cloning yoberekera ndipo yochizira imafuna chilolezo cha nduna. Mutu wotere ngwa Nyumba ya Malamulo, suli pa msinkhu wa makhansala. Njira iyi ndaisiya pambali.

Njira yachiwiri: thumba lotumizira ana kunja

Iyi ndiyo yomwe mtima wanga umaithamangira, choncho ndiyenera kuidekhera. Kusintha mafuta a m'mafupa ndi chithandizo cha ma stem cell chomwe chidatsimikizika kalekale. E. Donnall Thomas adalandira nacho Nobel mu 1990. Pa sikoselo chidadziwika mwangozi: mu 1984 madokotala a ku America adalemba za mtsikana yemwe ankamuchiza khansa ya m'magazi pomuika mafuta a m'mafupa a mlongo wake, ndipo sikoselo yake nayo idatha. Lero, mwana akalandira kwa m'bale wake wa bere limodzi yemwe maselo awo agwirizana bwino, ana opitirira 90 mwa 100 amachira.

Zopinga zake ndi izi. M'bale aliyense ali ndi mpata umodzi mwa inayi wogwirizana ndi wodwalayo, ndipo m'baleyo asakhalenso wodwala, mwakuti odwala omwe amapeza wowapatsa pabanja safika 20 mwa 100. Asadalandire, mwana amapatsidwa mankhwala amphamvu ofanana ndi a khansa kuti aphe mbewu yakale, ndipo mankhwalawo amatha kumulanda mphamvu yobereka. Amakhala milungu ingapo m'chipinda chayekha wopanda chitetezo cha m'thupi. Nthawi zina maselo atsopanowo amaukira thupi lomwe alowamo, n'kuwononga khungu, chiwindi ndi matumbo. Ena amamwalira. Akabwerera kumudzi amafunika kupimidwa magazi pafupipafupi ndi kumwa mankhwala miyezi yambiri, ndipo kutentha thupi pang'ono n'kofunika dokotala tsiku lomwelo. Ganizirani mwana wotero akubwerera ku Kasumbu nthawi ya dzinja mtsinje utadzaza.

Mtengo wake ku India ndi madola masauzande makumi angapo pa mwana mmodzi, osawerengera ndege, malo ogona ndi chakudya cha womudikirira. Chondilimbitsa mtima n'chakuti chithandizochi chikuyandikira. Nigeria idachita koyamba ku Benin City mu 2011, ndipo anansi athu a ku Tanzania adayamba kuchiza ana a sikoselo mwanjirayi pa chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma mu 2023.

Chilipo chinanso chatsopano, Casgevy, chomwe Britain idavomereza mu November 2023 ndipo America mu December chaka chomwecho. Amatenga mbewu ya magazi ya wodwala mwini, n'kuikonza ndi njira yosinthira chibadwa yotchedwa CRISPR, n'kumubwezera. Sipafunika m'bale, sipafunika mluza. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Koma sungani m'mutu momwe chimagwirira ntchito, chifukwa tikumana nazonso kutsogoloku: chimadzutsa himogulobini (chonyamula mpweya m'maselo ofiira a magazi) ya ukhanda, ija mwana amakhala nayo ali m'mimba, yomwe siipindika ndipo imazimirira miyezi yoyamba akabadwa.

Kodi khonsolo ikhazikitse thumba lotere? Ndawerengera mobwerezabwereza, ndikufunitsitsa kuti yankho likhale eya. Silikutero. Ndalama yotumizira mwana mmodzi ingasamale ana ambirimbiri kwa zaka. Komanso adzasankha mwanayo ndani? Tikudziwa momwe m'ndandanda wa makuponi umayendera m'midzi mwathu, ndipo sindikufuna kuti moyo wa mwana udzadalire kuti malume ake amadziwana ndi ndani. Kutumiza odwala kunja ndi ntchito ya Unduna wa Zaumoyo kudzera m'zipatala zazikulu, ndipo ikhale komweko. Banja lomwe mwana wake akudwala mowirikiza, makamaka amene adafapo kale ziwalo, lifunse madokotala a ku chipatala chachikulu ngati abale ake angayezedwe. Chomwe khonsolo ingachite apa ndi chaching'ono koma chenicheni: thiransipoti yokafika ku Lilongwe ndi makalata oyenda msanga.

Njira yachitatu: timapaketi ta "stem cell"

Iyi si njira, koma ndiyenera kuitchula chifukwa ndiyo yomwe yafika kale m'midzi mwathu, isadafike ina iliyonse. Pa WhatsApp ndi m'maholo a misonkhano mukuyenda timapaketi ta ufa tomwe akuti ndi ma stem cell, tochiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi sikoselo yomwe. Mlongo wanga adagulitsa mbuzi ziwiri kugulira mdzukulu wake timeneti, ine ndisakudziwa. Mwanayo adagonekedwa m'chipatala mwezi wotsatira monga mwa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Selo lamoyo silingakhale mu ufa wouma pa shelefu, chilichonse chomwe wameza chimagayidwa m'mimba, ndipo selo la chomera silisanduka magazi a munthu. Khonsolo isapereke holo yake kapena bwalo la msika kwa anthu olonjeza machiritso otere, ndipo ogwira ntchito zaumoyo azikanena ku bungwe loona za mankhwala la PMRA. Izi sizilira ndalama.

Njira yachinayi: kuyeza ana, kiliniki yapafupi, ndi magazi

Mtsikana wathu adadziwika kuti ali ndi sikoselo ali ndi zaka 4. Zaka zonse zam'mbuyozo tinkangoti ndi malungo osamva mankhwala. Adathiridwa magazi kangapo popanda wofunsa kuti akuthera chiyani. Kumudzi ena adati wina akumuyamwa usiku, ena adati ndi tsempho, ndipo pamimba pake mpaka lero pali zipsera za mphini zomwe adamutema pofuna kuphwetsa kapamba. Mayi ake adatsala pang'ono kusiyidwa ukwati, akuchimuna akuti nthendayi ndi ya kwathu, pomwe theka lidachokera kwa iwo. Zonsezi zikadapewedwa ndi kadontho kamodzi ka magazi.

Lero kuli timayeso tachangu, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, togwira ntchito ngati kaja koyezera malungo. Sitifuna magetsi, yankho limatuluka m'mphindi zochepa, ndipo mtengo wake ndi madola ochepa. Namwino wa pa Mtakataka, Lobi kapena Mayani angathe kuyeza mwana pa tsiku la sikelo, pomwe mayi wabwera kale kudzabayitsa katemera.

Mwana akadziwika msanga, zomupulumutsa n'zodziwika ndipo si zodula. Kafukufuku wa ku America yemwe adatuluka mu 1986 adapeza kuti penisilini wa tsiku ndi tsiku amachepetsa ndi 84 pa 100 matenda oopsa a majeremusi a chibayo mwa ana a sikoselo. Katemera wa majeremusi omwewo adalowa m'ndondomeko ya katemera ya dziko lino mu 2011. Onjezani folic acid, neti ndi mankhwala oteteza malungo, komanso kuphunzitsa mayi kukhudza kapamba wa mwana wake ndi kudziwa kuti thupi likatentha sagonera. Boma lathu la Dedza lili ndi nkhope ziwiri ndipo uphungu wake uyenera kutsata malo. Kumtunda kuno, ku Bembeke ndi ku Dedza boma, mdani ndi kuzizira: juzi, masokosi, madzi ofunda osamba, ndi aphunzitsi omvetsa kuti mwanayu asaime pa asembule m'mawa wa July. Kutsika Golomoti mpaka kunyanja mdani ndi malungo ndi kutentha, ndipo mwana ayenera kumwa madzi kosalekeza.

Tsono pali hydroxyurea. Ndi kapisozi wakale, wotsika mtengo poyerekeza ndi zonse tatchulazi, ndipo ali pa m'ndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO. Ntchito yake ndi yomwe ija ya Casgevy: kudzutsa himogulobini ya ukhanda. Kusiyana n'kwakuti uyu sachiza, amangogonetsa nthendayo, ndipo amamwa tsiku lililonse. Kale anthu ankaopa kuti mu Africa muno, momwe muli malungo ndi kunyentchera, angavulaze ana. Kafukufuku wa REACH adayankha. Adatsatira ana opitirira 600 ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, ndipo zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2019 zidaonetsa kuti ululu udatsika ndi kuposa theka, malungo ndi theka, kuthiridwa magazi ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo imfa zidatsika ndi kuposa magawo awiri mwa atatu. Chiyambire kumwa, mtsikana wathu watha teremu yathunthu osajomba, zomwe sizidachitikepo.

Njirayi nayo ili ndi minga yake. Mankhwalawa amafuna kuti magazi azipimidwa nthawi ndi nthawi, ndiye makina a mu labotale ayenera kukhala amoyo, ndi zothira zake zilipo. Akasowa mwezi umodzi, phindu limayamba kubwerera m'mbuyo. Ife timakatenga ku kiliniki ya sikoselo ya ku Kamuzu Central, mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera pa Dedza boma, ndipo ndikudziwa mabanja omwe adasiya chifukwa cha ndalama ya minibasi. Yankho lake lidayesedwa kale m'dziko momwe muno. Ku Neno adayambitsa makiliniki a PEN-Plus, momwe madokotala aang'ono ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera amasamala sikoselo, shuga wa ana ndi matenda a mtima pa chipatala cha boma laling'ono, ndipo mu 2022 mayiko a mu Africa a m'bungwe la WHO adagwirizana kuti njirayi ifalikire. Apa ndi pomwe khonsolo ili ndi mphamvu zenizeni, chifukwa chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998 zaumoyo za m'boma zidatsikira m'manja mwake, ndipo mkulu wa zaumoyo amapereka ndondomeko yake ku khonsolo.

Za magazi ndinene mwachidule. Usiku wina, pa chipatala china chomwe sinditchula, tidadikira magazi kuyambira madzulo mpaka tsiku lotsatira masana, milomo ya mwana itayera ngati pepala. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, choncho sukulu zikatsekera nkhokwe imaphwa, ndipo holide ya December imagwera pomwe malungo ayamba kulusa. Mafumu, mipingo, mizikiti ndi matimu a mpira angathe kudzaza mpata umenewu ngati khonsolo itaika masiku opereka magazi pa kalendala yake n'kuthetsa mantha akale aja a anamapopa. Ndipo dziwani kuti palibe dziko lomwe lingasinthe mafuta a m'mafupa lilibe nkhokwe yodalirika ya magazi, chifukwa wodwala wotero amathiridwa kambirimbiri.

Njira yachisanu: kutsegulira khomo ofufuza

Sindikufuna mnyamata uja aganize kuti ndamubweza chimanjamanja. Iye ankafuna kuti Dedza ikhale nawo m'kafukufuku, ndipo zimenezo n'zotheka, kungoti khomo lake si labotale. Ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences, a UNC Project ku Lilongwe kapena a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre akafuna kuyesa chithandizo chatsopano, amapita komwe odwala akudziwika, akulembedwa ndipo akubwera ku kiliniki mokhazikika. Boma lomwe lili ndi kaundula wa ana ake a sikoselo, wosonyeza kuti ali angati, ali kuti, ndipo akuyenda bwanji pa mankhwala, ndilo limayamba kuganiziridwa. Tsiku lomwe njira zokonza chibadwa zidzatsike mtengo, adzayambira pa mayina olembedwa. Mwana amene sadayezedwe sadzapezeka pa m'ndandanda uliwonse.

Khonsolo ikhalenso mlonda. Wofufuza aliyense wobwera m'midzi aonetse chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku, ya dziko ya NHSRC kapena ya ku Kamuzu University of Health Sciences, afotokoze m'Chichewa chomveka kuti magazi omwe akutenga apita kuti ndipo asungidwa mpaka liti, kholo likhale ndi ufulu wokana popanda kutaya chithandizo, ndipo zotsatira zibwerere ku ADC osati kungothera m'magazini a kunja. Ndipo ngati pa ndalama za basale patapatulidwa malo awiri kapena atatu a ana a m'boma lino ofuna kuphunzira za labotale ndi za magazi, atalonjeza kudzagwira ntchito kuno zaka zingapo, imeneyo ndi ndalama ya kafukufuku yomwe thumba lathu lingaikwanitse.

Ndikaziika zonse pa sikelo, yachinayi ndiyo ikulemera, yachisanu n'kukhala mnzake woyenda naye, chifukwa kaundula amabadwa pa kuyeza komweko. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Yachiwiri tiisiyire Unduna ndi madokotala, ife tithandize pa ulendo. Yoyamba si yathu.

Ndidakamupeza mnyamata uja kwawo Loweruka lapitali, tidakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tagwirizana kuti pepala lopita kwa a khansala tilembe awiri. Mfundo zake ndi zinayi: timayeso tachangu tiyambire pa zipatala zazing'ono zitatu, chimodzi cha kunyanja ndi ziwiri za kumtunda, pa chipatala cha boma pakhale tsiku lokhazikika la kiliniki ya sikoselo yokhala ndi hydroxyurea, pakhale kaundula mmodzi wa boma lonse, ndipo masiku awiri opereka magazi aikidwe, limodzi pa 19 June lomwe ndi tsiku lokumbukira sikoselo padziko lonse, lina mu December sukulu zitatseka. Iye watenga ntchito yofunsa mitengo ya timayesoto ku ofesi ya zaumoyo, ine ndiyenda kwa magulupu kufunsa mabanja omwe ali ndi ana othiridwa magazi kawirikawiri. ADC ikumananso kumayambiriro kwa mwezi wamawa, ndipo mlongo wanga wati abwera nawo kudzafotokoza yekha za mbuzi zake ziwiri.